Mluzu wa Mpopi wa ku Zolozolo

Munthuyo anatulukira Lachiwiri m'mawa, nkhungu ya mwezi wa Juni idakakuta madenga a ku Zolozolo. Analibe ndowa, analibe chigubu. M'dzanja lake munali ndodo yaitali yachitsulo yokhala ndi kamutu kamtengo kobulungira, ndipo sankaitsamira poyenda. Ankainyamula mosamala ngati mmene mlaliki amanyamulira Baibulo. Anadutsa mzere wa ndowa zimene amayi anasiya kuti ziwasungire malo, nakakhala pa chitsa cha bulugamu pafupi ndi bokosi la simenti mmene munali mita ya madzi. Sanalonjere munthu. Anangoti maso pa mipopi dwii, ngati wabwera kudzazonda wodwala.

Keziya NyaHarawa anamuona kudzera pa kawindo ka kanyumba kogulitsiramo madzi, ndipo mtima wake unadumpha kawiri. Koyamba kanali ka mantha. Kachiwiri sanafune kukafunsa kuti n'ka chiyani.

Anali namwali wa zaka makumi awiri ndi zitatu. Kwa chaka ndi miyezi inayi, iye ndiye ankasunga makiyi a kanyumbako ndi mipopi yake inayi, pachitunda penipeni pa Zolozolo. Pakhoma panalembedwa ndi penti yofiira mtengo umene boma linakhazikitsa: ndowa imodzi, tambala imodzi. Ntchitoyo ankaikonda. Ankakonda kulira kwa madzi akamagwera m'ndowa youma, mawu ake n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka ndowa kudzaza, moti ankatha kudziwa kuti ikudzazayo ndi ya yani osayang'ana n'komwe.

Koma m'thumba la juzi yake munali kalata yochokera ku ofesi ya madzi, imene anaiwerenga mpaka inayamba kung'ambika mopinda. Kalatayo inkati mita ikuonetsa madzi ochuluka kwambiri kuposa ndalama zimene iye ankapereka. Inkati Lachisanu, 2 koloko masana, kubwera bwana kudzatenga makiyi, ndipo nkhani ipita kupolisi. Inkatinso kuyambira tsikulo ndowa ikhala matambala awiri, mpaka zimene zinasowa zitabwerera. Keziya sanabepo ngakhale khobidi. Koma Zolozolo yonse inali itamva, ndipo amayi amene kale ankamubweretsera chinangwa chootcha tsopano ankangomuponyera tambala pawindo osamuyang'ana kumaso.

"Iwe NyaHarawa, ndi mlendo wako ameneyo?" anafunsa amama Winifred NyaGondwe, amene ankakazinga mandasi kuseri kwa tchalitchi komanso ndiwo ankatsogolera amayi a chipani m'deralo. Iwowo ngakhale akamanong'ona ankamveka kutsidya kwa msewu.

"Sindikumudziwa, amama."

"Munthu wobwera pampopi wopanda ndowa amadzatunga mawu. Tseka pakamwa, mwana wane. Mlandu umodzi uli nawo kale, usawonjezere wina."

Zaka zimenezo mlendo wongokhala chete ankatha kubalalitsa bwalo lonse la mowa osanena kanthu. Pampopi pamene masiku onse pankaposa msika phokoso, tsikulo panangoti zii. Obwera kudzaona ndowa zawo ankangokamba za kuzizira, n'kubwerera msanga.

Madzi ku Zolozolo ankathawa dzuwa likangokwera, n'kubwerera chakumasana, nthawi zina itangodutsa 3 koloko, nthawi zina mochedwerapo. Poyamba amayi ankakhala pamzere maola atatu, mphepo ya ku Viphya ikuwaboola m'mafupa, poopa kuti madzi angabwere iwo kulibe. Keziya ndiye anapeza njira. Anazindikira kuti akasiya mipopi yonse inayi yotsegula, madzi asanafike imayamba kuimba mluzu wautali, wakuthwa, womveka mpaka kudambo. Mluzuwo unkatha mphindi makumi awiri, mwina makumi atatu. Choncho amayi ankasiya ndowa pamzere, iliyonse ndi mwala mkati kuti mphepo isaigubuduze, n'kupita kukachita zawo. Akamva mluzu ankabwera osathamanga. Ankautcha belu la Keziya.

Tsikulo belu litangoyamba, mlendo uja anadzambatuka pachitsa. Anaika nsonga ya ndodo yake pa chivundikiro chachitsulo cha bokosi la mita, chimene chinali chokhoma ndi loko wa ku ofesi, n'kugunditsa khutu pa kamutu kamtengo kaja. Maso ake anali pa wotchi, milomo ikugwedera ngati akupemphera. Madzi atafika, anaongoka, napukuta kamutuko ndi mpango, n'kumapita osatembenuka.

"Mwaona?" anatero amama NyaGondwe. "Ndinanena ine. Akumvetsera ngakhale zimene nyerere zikukambirana. Ameneyo ndi a Khutu."

Dzinalo linamumamatira pomwepo.

Lachitatu a Khutu anabweranso. Keziya anawayang'anitsitsa m'mawa wonse kudzera pakawindo. Anali munthu wa zaka mwina makumi atatu, wamtali, wa jekete yotuwa imene mabatani ake awiri sankafanana ndi enawo. Manja ake anali a munthu wogwira zitsulo. Wapolisi wanji wa zikhadabo zosweka chonchi? Komanso maso ake sanali osakasaka. Anali maso a munthu amene wasenza kanthu kolemera ndipo akufuna pokatula.

Dzuwa litapendeka, mzere ulibe munthu, Keziya analimba mtima. Anatuluka, naima patsogolo pake, manja atapinda mkati mwa juzi.

"Monire, adada."

"Zikomo, mayi. Mundikhululukire, Chitumbuka changa n'chothyokathyoka." Mawu ake anali a kuchigawo chapakati, ofatsa.

"Ngati mwabwera kudzandigwira, ndigwireni lero. Zodikira Lachisanu zanditopetsa. Sindigona, sindidya."

Munthuyo anamuyang'ana kanthawi, kenaka anayang'ana wotchi.

"Sindigwira anthu ine. Dikirani pang'ono, pali chimene ndikufuna mumve ndi khutu lanu."

Anadikira limodzi, iye pachitsa, Keziya chiimire. Nkhungu yopyapyala inkatsika kuchokera kumapiri, ikubisa nsonga za mitengo ya paini. Kenaka mpopi woyamba unatsokomola, wachiwiri unayankha, ndipo mluzu unayamba. Munthuyo anaika ndodo pachivundikiro, namvetsera, kenaka anapatukira pambali.

"Ikani khutu apa."

Kamutu kamtengo kanali kofunda ndi khutu lake. Keziya anachita manyazi ndi kufundako, koma manyaziwo anatha msanga, chifukwa m'kati mwa chitsulocho munkamveka kanthu kakuthamanga. Tiki-tiki-tiki-tiki, mofulumira kuposa makina a telala.

"N'chiyani chimenechi?"

"Ndi mita yanu. Ikuwerenga."

Keziya anatembenukira ku mipopi. Panalibe ngakhale dontho.

"Ikuwerenga chiyani? Madzi sanafike!"

"Ikuwerenga mpweya. Paipi ikauma imadzaza mpweya. Madzi akamabwerera amaukankhira kutsogolo. Inu muli pamwamba pa onse, ndipo mipopi yanu ndi yokhayo yotsegula, ndiye mpweya wa paipi yonse kuchokera kuthanki umatulukira pano. Mita siidziwa kusiyanitsa. Muli kagudumu m'katimo, chilichonse chodutsa chimakazunguza. Ndiponso mpweya umakazunguza mwamphamvu kuposa madzi. Dzulo ndinawerengera. Mluzu umodzi ukhoza kukwana ndowa mazana."

Keziya anakhala pansi pa simenti yonyowa.

"Ndiye kuti ndadzipha ndekha. Ndine ndimatsegula mipopi. Palibe anandiuza."

"Munatsegulira chiyani?"

"Amayi ankazizidwa. Ena amabwera ndi makanda kumsana."

"Ndiye musadzitchenso wolakwa pamaso panga." Ananena mawuwo mwamphamvu mpaka Keziya anadzidzimuka. Kenaka anatsitsa mawu. "Pamayenera kukhala kachipangizo kotulutsa mpweya usanafike pa mita. Valavu. Ikanakhalapo, mukanatsegula mipopi chaka chonse popanda vuto. Lachisanu muwauze atsegule bokosili, adikire mluzu, aone ndi maso awo."

"Mudzabwera kudzawauza inuyo?"

Amayi anali atayamba kukwera chitunda, ndipo munthuyo anali akupukuta kale ndodo yake.

"Tawonga chomene, adada. Koma ndinu ndani? Dzina lanu?"

"Dzina langa silingakuthandizeni lero, mayi."

Madzulo amenewo Keziya anadya koyamba m'sabata yonse. Potsuka mbale ankamuyesa maina munthuyo, ngati mmene telala amayesera nsalu. Timothy linamuchepera. Overtoun linali la anthu a kuno. Stanford linamukwana m'mapewa koma osati m'maso. Anadzipeza akumwetulira yekha, nadzidzudzula. Namwali amene Lachisanu lake lili kupolisi alibe nthawi yomwetulira mbale.

Lachinayi chitsa chinakhala chopanda munthu. Keziya anayang'ana njira mpaka khosi linawawa. Dzuwa litafika paliwombo anatseka kawindo, n'kupita kuseri kwa tchalitchi kumene amama NyaGondwe ankakazinga mandasi, nawafotokozera zonse.

"Mphepo?" anatero amama, akutembenuza mandasi m'mafuta. "Iwe, ukufuna undiuze kuti atikwezera mtengo chifukwa cha mphepo? Yayi, mwana wane. Mwamuna akakhala wamtali chilichonse chimene anena chimamveka choona. Ndinakhalapo namwali inenso."

"Bwerani mudzamve nokha."

"Ndi chiyani? A Khutu ako apita nayo ndodo yawo."

Komabe anabwera, atatenga mthiko wawo wautali umene ankatakasira phala pa maliro ndi pa maukwati. Mluzu utayamba anagwada movutikira, naika nsonga ya mthiko pachivundikiro, khutu kumapeto kwake. Keziya anaona nkhope yawo ikusintha. Poyamba inali yonyoza, kenaka makwinya a pamphumi anakumana pakati, kenaka pakamwa panatseguka.

"Chiuta wane!" Anadzuka atagwira bondo. Anamuyang'ana Keziya kwa nthawi, ndipo mawu awo anatuluka aang'ono kuposa mmene Zolozolo inawamverapo. "Ine ndinanena mawu oipa za iwe kumpingo. Ndinati ukudya tambala zathu. Undigowokere, NyaHarawa, undikhululukire."

Keziya anagwetsa misozi imene anaisunga sabata yonse.

"Basi, basi, madzi tikugula kale, usawataye aulere," anatero amama akumupukuta ndi chitenje. "Bwanayo abwera nthawi yanji?"

"2 koloko. Mluzu umayamba itadutsa 3 koloko. Sangadikire. Mabwana sadikira."

Amama NyaGondwe anaguguda mthiko pachikhatho, maso atatsinzina pang'ono.

"Zimenezo undisiyire ine."

Lachisanu kunacha kopanda nkhungu. Pofika 2 koloko pampopi panali anthu ochuluka kuposa tsiku limene anautsegulira, ndipo Keziya anadabwa kuona kuti amayi ambiri avala zitenje za chipani ngati kukubwera nduna. Pachitsa panalibe munthu.

Landirova inafika nthawi yake yeniyeni. Munatsika bwana Jasper Nyasulu, amene ankayang'anira mipopi yonse ya m'tauni, munthu wonenepa pang'ono, wa tayi yabuluu ndi fayilo kukhwapa. Sanali munthu wankhanza. Ankangooneka wotopa, ngati amene wachita zoterezi kambiri ndipo sakuzikonda. Anawerenga kalata ija mokweza, kenaka anatambasula dzanja.

"Makiyi, mayi."

Keziya anagwada. "Bwana, ndikupempha chinthu chimodzi. Tsegulani bokosi la mita. Mita ikuwerenga mpweya, osati madzi."

Bwanayo anapumira m'mwamba. "Mayi, ndamvapo zambiri pa ntchito imeneyi. Wina anandiuza kuti afiti amatunga usiku." Komabe anatulutsa kiyi wake, natsegula loko, natukula chivundikiro. Mita inali phee, kamuvi kake katangoima. "Mwaona? Siikuyenda."

"Imayamba ikadutsa 3 koloko, bwana. Mukadikira pang'ono chabe."

"Ndili ndi msonkhano ku ofesi hafu pasiti thuu. Makiyi."

Keziya anamasula chingwe m'khosi, napereka makiyi. Anali ofunda, ndipo pamene ankakhala panayamba kuzizira nthawi yomweyo. Bwanayo anawaika m'thumba, nawerama kuti atseke bokosi.

Apo ndi pamene amama NyaGondwe anaomba m'manja kamodzi, nakweza mawu.

Inali nyimbo ya chipani, yotamanda boma. Amayi onse anaivomera pamodzi, nazungulira Landirova, miyendo ikuponda fumbi mofanana. Bwana Nyasulu anaongoka msanga, chivundikiro chidakatseguka. Zaka zimenezo panalibe wantchito wa boma, ngakhale wa tayi yotalika chotani, amene akanayerekeza kukwera galimoto amayi akuimba nyimbo za chipani. Kutero kunali kudzikumbira dzenje ndi manja ako. Anaima chilili, fayilo kukhwapa, nayamba kuomba m'manja mwaulemu.

Nyimbo yoyamba itatha, anatsegula pakamwa kuti athokoze, koma yachiwiri inali itayamba kale. Yachitatu inali ndi ndime zambiri kuposa zimene Keziya ankazidziwa. Pa yachisanu amama NyaGondwe anavina mpaka pamaso pa bwanayo, thukuta likutsika m'masaya.

"Bwana, yavuta nyimbo? Mukuyang'ana wotchi?"

"Ayi, amama, ayi! Yabwino chomene!"

"Enya! Tili nazo zina zambiri!"

Dalaivala wa Landirova anabisa nkhope kuseri kwa chiwongolero, mapewa akugwedera.

Keziya anaima pakhoma, pansi pa zilembo zofiira zija, akuyang'ana amayiwo. Ena mwa iwo anali omwe ankamuponyera tambala osamuyang'ana. Tsopano ankaimba mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, ana kumsana akugwedezeka, ndiwo atazisiya pamoto kunyumba. Mtima wake unadzaza mpaka anasowa poika kuyamika kwake. Koma 3 koloko inakwana, mipopi ili chete. Nyimbo zinayamba kubwerezedwa. Mawu a amama NyaGondwe anasasa, ndipo m'mbali amayi ena anayamba kuyang'anana. Nanga madzi akapanda kubwera lero? Zinkachitika.

Bwana Nyasulu anaona kuti nyimbo ikufooka. Anayamba kusunthira chakukhomo la galimoto, phazi limodzi, kenaka lina.

Mpopi woyamba unatsokomola.

Nyimbo inaduka pakati pa ndime. Mpopi wachiwiri unayankha, ndipo mluzu unakwera, wautali, wakuthwa, kuposa masiku onse. Keziya anathamanga, natenga ndowa youma, naiika pansi pa mpopi.

"Bwana, yang'anani mita!"

Bwanayo anawerama. Kamuvi kaja kankazungulira mwakuti sikankaoneka, ndipo manambala ankasinthana ngati akuthamangitsidwa. Anayang'ana ndowa. Inali gwaa. Anayang'ananso mita. Anavula magalasi, nawapukuta ndi tayi, nawavalanso. Kenaka anatsegula fayilo, natembenuza mapepala ndi chala chonyowetsa.

"Izi sizingatheke. Apa palembedwa kuti valavu yotulutsa mpweya inaikidwa. Pali siginecha ya mmisiri. Ine ndikalemba kuti mita yalakwa, kulikulu akandifunsa umboni, ndipo pepala ili linditsutsa. Pepala limaposa maso anga, amayi."

"Valavu palibe, bwana."

Anthu anapatuka. A Khutu anali ataima kumbuyo kwa gulu, jekete yotuwa itakwinyika ngati anagona nayo, ndodo ili m'manja.

Munthuyo anabwereka khasu kwa mayi wina, nawerenga mapazi atatu kuchokera pabokosi, nayamba kukumba. Sanasakesake. Dzenje la m'dothi lofiira litafika m'mawondo, khasu linagunda chitsulo. Anafukula ndi manja, naonetsa paipi. Pamwamba pake panali kamphanda kotsekedwa ndi chitsekero chadzimbiri.

"Imayenera kukhala apa."

"Mwadziwa bwanji pokumba?" anafunsa bwana Nyasulu.

"Ndinakwirira ndine." Ananena osakweza mutu. "Ndine ndinalumikiza mpopi uno. Valavu kusitolo ya ku ofesi kunalibe, anati ibwera mwezi wa mawa. Koma tsiku lotsegulira linali litalengezedwa kale, alendo ataitanidwa, amayi ataphunzira nyimbo. Ndinatseka kamphandaka, n'kusaina kuti ntchito yatha, ndikuganiza kuti ndidzabwera kudzamaliza. Sabata yotsatira anandisamutsira ku Kasungu. Siginecha ili papepalalo ndi yanga."

Panangomveka mluzu wokha.

Bwana Nyasulu anatsegula tsamba loyera m'fayilo, natulutsa cholembera.

"Lamulo la mitengo ya madzi ndi lachidule," anatero, akulankhula kwa onse. "Munthu alipire madzi amene alowa m'ndowa yake. Mtengo sungakwere chifukwa cha chinthu chimene anthu sanamwe. Koma kuti ndifafanize kalata ija, pakufunika munthu wa dzina alembe zimene wanenazi ndi dzanja lake." Anatembenukira kwa munthu wa m'dzenje uja, natsitsa mawu. "Achimwene, mukudziwa chimene chikutsatireni mukalemba?"

"Ndikudziwa, bwana."

Anapukuta manja pa buluku, natsamiritsa fayilo pa boneti ya Landirova, nalemba. Analemba pang'onopang'ono, mizere isanu ndi umodzi, nasaina pansi pake. Keziya anatukula khosi, koma phewa la bwana linatchinga. Bwanayo anawerenga, natseka fayilo, napisa m'thumba.

"Mayi Harawa, makiyi anu awa. Za polisi iwalani. Mtengo ukhala umene uli pakhomapo." Anakanda kumutu. "Ndipo pepani. Tinayenera kubwera kudzaona tisanalembe kalata."

Nthungululu zinaphulika, ndipo ngati kuti nawonso amadikira chigamulo, madzi anafika. Analavula kawiri, kenaka anatsika mwamphamvu m'ndowa ija mpaka kuwaza nsapato za bwana. Amama NyaGondwe, mawu atatheratu, anangokweza manja kumwamba. Atapuma anapita kwa mlendo uja, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, watigulitsa mphepo chaka chathunthu," anatero mosasa. "Ndikanakhala ndi mawu ndikanakutukwana. Bwera mawa udzadye mandasi."

Keziya anagulitsa madzi kwa anthu khumi. Atatukula maso anaona jekete yotuwa ikutsika chitunda. Anasiyira amama NyaGondwe kawindo, nathamanga, makiyi akulira pachifuwa. Anampeza pamphambano, pansi pa mtengo wa paini.

"Adada! Mungopita choncho?"

Munthuyo anaima. "Ndinaganiza kuti simungafune kundionanso, mayi. Miyezi yonseyi akutchani wakuba chifukwa cha ine."

"Potsika apa ndimafuna ndikukwiyireni. Mkwiyo ndausaka, ndausowa." Anapuma. "Munamva bwanji za ine, kutali konseko?"

"Dalaivala wa kusitolo ya ku ofesi anabwera ku Kasungu. Pa tiyi anasimba ngati nthabwala, akuti ku Zolozolo kuli mtsikana amene amamwa madzi a tauni yonse yekha. Anthu anaseka. Ine tiyi anandikanika kumeza. Ndinapempha tchuthi, ndinanama kuti kwathu kuli matenda."

"Nanga dzulo munali kuti? Ndinayang'ana njira mpaka maso kuwawa." Atangonena anachita manyazi, nayang'ana pansi.

"Kudepoti. Tikiti ndinagula. Ndinadziuza kuti ndakuuzani kale chilungamo, zotsala mumaliza nokha. Basi inabwera, anthu anakwera, kondakitala anandiitana kawiri." Anatulutsa kapepala kopindika m'thumba, nakayang'ana, nakabwezamo. "Sindine wolimba mtima, mayi. Musandiyese choncho."

"Wolimba mtima sindimudziwa. Ndikudziwa amene sanakwere basi." Keziya anagwira makiyi pachifuwa. "Lero ndikanagona kupolisi. Amama anga ondibala akanalephera kulowa m'tchalitchi Lamulungu. Inu munali kutali, palibe ankakudziwani, palibe akanakufunsani. Ndilibe chokupatsani, adada. Ndili ndi yewo basi, zikomo wathu wa kuno. Yewo chomene."

Munthuyo anayang'ana kumapiri kumene nkhungu yamadzulo inali itayamba kusonkhana.

"Akuchitani chiyani kuntchito?" anafunsa Keziya.

"Mwina anditsitsa, mwina andichotsa. Bwana Nyasulu akuti Lolemba ndikaonekere ku ofesi. Ndapempha kuti chilichonse chimene agamule, andilole ndiike valavuyo ndekha."

"Ndiye mubweranso."

"Akandilola kugwira sipanala."

"Akapanda kukulolani mubwerebe. Mandasi akudikirani, ndipo amama NyaGondwe sakanidwa. Mwaona nokha lero."

Koyamba chifikire ku Zolozolo, munthuyo anaseka. Kuseka kwake kunali kwa pang'ono, kwa munthu amene waiwala kasekedwe, ndipo Keziya anakusunga mumtima kuti akakumverenso ali yekha.

"Chinthu chimodzi," anatero Keziya. "Ndikafika kunyumba amama anga agwada kuti akupempherereni. Ine sindingawauze kuti apempherere a Khutu. Chiuta angasokonezeke."

"A Khutu?"

"Ndi mmene tinkakutchulirani."

Munthuyo anagwedeza mutu akumwetulira. Anasamutsira ndodo kudzanja lamanzere, napukutanso lamanja pa jekete, ngakhale dothi lofiira silinachoke, nalitambasula. Keziya analilandira ndi manja awiri, bondo litapinda pang'ono.

"Muwauze kuti ndine Meckson," anatero. "Meckson Kamchacha."